Corolla ya injini ya 5A ikamafuka utsi m'mawa

Bambo wina wa ku Luchenza wandilembera kuti Corolla yake ya injini ya 5A-FE imatulutsa utsi wabuluu akailiza m'mawa, ndipo makaniko wamuuza kuti agule injini ina. Bambo, kalata yanu yandikhudza chifukwa inenso ndinayendetsa galimoto yotereyi zaka zambiri, ndipo ndinaiwononga ndi manja anga.

Injini imeneyi ndi ya 1498 cc, ya masilinda anayi ndi mavavu 16, ndipo thunthu lake ndi lachitsulo pomwe head yake (chigawo chovundikira masilinda pamwamba) ndi ya aluminiyamu. Ndinamvetsa mochedwa kuti head ya aluminiyamuyi imapindika injini ikatentha kwambiri. Makaniko wina anandichotsera thermostat (kachipangizo kotsekula ndi kutseka njira ya madzi oziziritsa injini) ponena kuti inapangidwira kuzizira kwa ku Japan, ndipo ine ndinavomera, n'kumathira madzi a pachitsime mu redieta m'malo mwa coolant, madzi apadera oziziritsa injini. Madziwo anachititsa dzimbiri mkati mpaka timachubu ta redieta tinatsekeka. Tsiku lina ndikukwera zitunda za ku Thyolo nditanyamula matumba a chimanga, muvi wa kutentha unafika pofiira, koma ndinalimbikira kuti ndikafike pa boma. Nditaima pambali pa munda wa tiyi, ndinapeza madzi akuwira, ofiirira ngati thobwa, ndipo m'mawa mwake pansi pa chivundikiro cha oyilo panali phala loyera, chizindikiro chakuti madzi asakanikirana ndi oyilo. Head inali itapindika, gasiketi itapsa.

Ndikunena motsindika kuti mwambo wochotsa thermostat uyenera kutha. Kachipangizo kameneka kamatseguka kutentha kukafika pafupifupi madigiri 82, ndipo popanda iko injini imachedwa kutentha, imamwa petulo wambiri ndi kudyeka msanga, makamaka kuno kumene chiperoni chimatha kukhala masiku atatu osachoka. Chiperoni chomwecho chimalowetsa chinyontho mu distributor (kachipangizo kogawa moto ku mapulagi) ngati chivundikiro chake chang'aluka, ndipo galimoto imanjenjemera m'mawa mpaka mwini wake kuganiza kuti injini yatha, chikhalirecho vuto ndi laling'ono. Lamba wa timing, amene amayendetsa mavavu, nayenso amaiwalika, ngakhale kuti amafunika kusinthidwa pa makilomita 100,000 alionse.

Za utsi wanu

Ngati utsiwo umatha pakapita mphindi zochepa, kawirikawiri ndi ma valve seal (timphira totchinga oyilo pa mavavu) amene auma ndi ukalamba, ndipo oyilo amadontha m'masilinda galimoto ikagona usiku. Ngati ukupitirira pamene mukukwera chitunda, kayikirani ma ring a mapistoni. Musagule injini, bambo, makaniko asanayeze compression (mphamvu yopanikizira mpweya) ya silinda iliyonse inu mukuona, ndipo pakadali pano muziona mlingo wa oyilo m'mawa uliwonse musananyamuke.