Achimwene, barn imeneyo musaikhudze musanaone pepala la khonsolo

Achimwene, ganyu yokonza pafamupo musaithamangire. Mwati nyumba ndi ya Grade II, kutanthauza yakale yotetezedwa ndi lamulo, koma inu mukagwira barn yokha, chinyumba chosungiramo zokolola ndi ziweto. Ine ndinalowa ndi mawu omwewo ku Herefordshire, ku England, mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Barn yake inali ya mitanda ya oak, yolumikizidwa ndi zikhomo zamtengo, msomali mulibe. Pakati pa mitanda analuka timitengo n'kumata dothi, monga agogo ankamangira kumudzi, pamwamba laimu. Bwana amene anandilemba anati barn sili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa, ndingomata simenti tithe msanga. Bodza lenileni! Chimene chinamangidwa pabwalo la nyumba yotetezedwa isanakwane 1 July 1948, kawirikawiri lamulo limachiwerengera limodzi ndi nyumbayo.

Tsiku lachinayi, kamvula kakuwaza, ine ndili pamakwerero, manja ali mbuu. Kunafika mayi wa ku khonsolo. Sanakalipe ayi. Anangosisita khoma, n'kundifunsa kuti wandituma ndani. Ndisanatsegule pakamwa, bwana uja anatuluka m'galimoto n'kundiloza chala, akuti iye anandiuza za laimu, ine Chingerezi sindimva. Ine! Munthu yemweyo anakagula matumba a simentiwo ndi manja ake! Ndinatsika miyendo ikunjenjemera, maganizo ali pa visa yanga ndi ana kunyumba. Lamulo lawo la 1990 loteteza nyumba zakale siligwira mwini nyumba yekha, wogwira ntchito naye limamugwira, ndipo chilango chimatha kufika zaka ziwiri kundende. Sanandimange, koma ndinagumula simenti yonse pang'onopang'ono ndi tchizulo, masabata atatu, ndalama osaiona. Bwana uja foni yanga anaibuloka.

Chondipweteka china n'chakuti mayi uja ankanena zoona. Simenti imatsekera chinyezi mkati, mtanda umene wakhala zaka mazana umayamba kuola. Laimu amalola khoma kuuma.

Ndiye fufuzani adiresi pa mndandanda wa Historic England, bungwe losunga kaundula wa nyumba zotetezedwa, ndi waulere. Listed building consent, pepala la khonsolo lololeza kukonza nyumba yotetezedwa, muione ndi maso anu, ndipo chilichonse akuuzani akulembereni pa WhatsApp. Akamazemba, thawani. Komabe ngati pali mmisiri wamkulu wodziwa laimu, pitani mawa lomwe, ngakhale malipiro achepe. Amisiri otere ndi osowa, ndipo ine atandiitana ndikhoza kubwereranso.