Kwa achimwene a ku Area 25 ofunsa za kireni yochotsera injini

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mwatsegula kagalaja pakhomo, mwatopa ndi kubwereka chain block (chokwezera katundu cha tcheni chopachika m'mwamba) nthawi iliyonse mukafuna kuchotsa injini, ndiye mwaona kireni yopinda ija yotsika mtengo, yolembedwa matani 2, mukufunsa ngati ili yoti munthu n'kuponyapo ndalama. Ine ndikuti gulani, koma pokhapokha ngati pamalo pomwe mumagwirira ntchito pali simenti. Ngati ndi padothi, ndalamayo iyambe yapita kwina.

Poyamba tione nambala ija, chifukwa ndi imene imasocheretsa anthu ambiri. Mukayang'anitsitsa pamkono wa kireniyo mupeza mabowo anayi, ndipo lililonse lili ndi muyeso wake: matani 2, 1.5, tani imodzi, ndi theka la tani. Matani 2 ndi pamene mkono wabwezedwa mkati monse, ngowe ili pafupi ndi thunthu. Koma mkono ukafupika choncho sufika pakati pa injini, bampala amakutchingani. Ntchito yeniyeni mudzaigwirira pabowo lomaliza kapena loyandikana nalo, kutanthauza makilogalamu 500 kapena 1,000. Zili ngati ndowa ya madzi: mukaigwirira pafupi ndi thupi mumayenda nayo bwinobwino, mukatambasula dzanja ndowa yomweyo imakugonjetsani. N'chifukwa chake kireni ya tani imodzi sindingakulimbikitseni ngakhale itatchipa chotani. Bowo lake lomaliza ndi makilogalamu 250 okha.

Tsopano yerekezani ndi zimene zimabwera pageti panu. Injini ya 1NZ, ya mu Sienta ndi Probox, ili cha m'ma kilogalamu 100, siivuta. Ya dizilo ya Hilux imapitirira 200. 1HZ ya Land Cruiser ili cha m'ma 300, ndipo mukaitulutsa pamodzi ndi giyabokosi mwayandikira kale malire a bowo lomaliza la kireni ya matani 2. Pa magalimoto ang'onoang'ono ndi mapikapu kireniyi ikukwanirani. Za malole iwalani.

Nkhani ya pansi ndi imene ndikufuna muimvetse kwambiri. Kireni yotereyi imayenda pa timawilo tachitsulo tating'onoting'ono. Injini ikakwera, mumayenera kukoka kireni yonse chammbuyo kuti katunduyo atuluke m'galimoto, ndipo nthawi imeneyo injini imakhala ili pamwamba penipeni kuti idutse chitsulo chakutsogolo chija pamwamba pa radiyeta. Pasimenti yosalala anthu awiri amaikoka pang'onopang'ono osavutika. Padothi kawilo kamodzi kamatitimira, mnyamata amakoka mwamphamvu kuti kazuke, injini imayamba kulendewera uku ndi uku, kenako mwendo umodzi wa kireni umanyamuka. Zikafika pamenepo palibe dzanja lingaigwire. Dothi lathu lino mu Okutobala limaoneka louma gwa, koma mvula ikangogwa, Januwale yense ndi matope okhaokha. Ngakhale pasimenti, kamwala kakang'ono kapena nati yogwa pansi imaimitsa wilo mwadzidzidzi, ndiye muzisesa musanayambe. Pamalo potsetsereka musayerekeze n'komwe.

Ngati simenti palibe ndipo simungathire panopa, njira yabwino ndi yomwe mukuidziwa kale: chain block ya tani imodzi, koma yanuyanu, yopachika pa chimango chachitsulo cha miyendo inayi. Owotcherera aluso alipo ku Biwi ndi ku Mchesi. Muwauze kuti mtanda wapamwamba ukhale chitsulo chokhuthala cha I-beam, osati paipi wa geti, miyendo ikhale yotalikirana komanso yomangana pansi, ndipo chimangocho chitalike mokwanira chifukwa chain block payokha imadya malo pakati pa mtanda ndi injini. Ubwino wa njira iyi ndi wakuti injini siyenda. Imakwera molunjika, inu n'kukankha galimoto chammbuyo, injini n'kutsika pomwepo. Ndikudziwa kuti mainjini ambiri mumzinda wa Lilongwe muno achotsedwera pansi pa mtengo wa mango, ndipo amene amatero ndi amisiri odziwa ntchito. Koma nthambi ilibe nambala, ndipo chiswe chimadya mkati kunja kukuoneka bwino. Mitanda ya denga la nyumba nayo anaiika kuti inyamule malata basi.

China choti muganizire ndi mtundu wa magalimoto amene amakupezani. Ngati makasitomala anu ambiri ndi a minibasi, Hiace, Bongo kapena Vanette, injini yake ili pansi pa mipando, ndipo kireni siifikira kuchokera pamwamba monga ichitira pa Hilux. Mumalowetsa mkono pachitseko kapena kutsitsira injini pansi. Timagalimoto tambiri ta masiku ano, monga Vitz ndi Fit, natonso nthawi zambiri injini ndi giyabokosi zimatuluka bwino chakunsi. Kireni imathandizabe kugwira katundu potsitsa, koma pamenepo mufunikanso jeke wabwino ndi ma stand olimba oimikapo galimoto, osati njerwa.

Mukapita kukagula, musalole kungopatsidwa katoni yomata. Mtengo sinditchula, chifukwa chichokereni pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa katundu wochokera kunja sukhazikika. Yendani m'mashopu a zitsulo ku Malangalanga ndi Old Town monse, mufananize. Ngati wina akulonjeza kukubweretserani kuchokera ku Johannesburg kapena Dar es Salaam, muwerengere thiransipoti ndi msonkho, chifukwa chinthuchi n'cholemera. Pa kireniyo onani mowotcherera, makamaka pamene mkono wakumana ndi thunthu ndi pamene pakhala jeke wake wokweza mkono. Mowotcherera mukhale mosalala ndi modzaza, osati timadontho tobisidwa ndi penti. Onani mitu ya mabawuti ngati palembedwa 8.8, nambala yosonyeza kuti bawutiyo ndi yolimba. Ngati palibe cholembedwa, mukasinthe onse amene amanyamula katundu, ndalama yake ndi yochepa. Ngowe ikhale ndi kachitseko kake kotsekera kuti tcheni chisavuke. Yogwiritsidwapo kale ntchito muthanso kugula, koma mkono ukakhala wokhota ngakhale pang'ono, kapena wina anauwotchererapo, isiyeni.

Pa makireni otchipa, chimene chimayamba kufooka ndi jeke. Muyeseni tsiku loyamba lomwelo, lisiti lidakali m'thumba. Kwezani injini yakale masentimita 10 kuchoka pansi, tsekani valavu, yezani kuchokera pansi kufika pa ngowe, mulembe ndi choko pathunthu, kenako kachiteni zina kwa mphindi 20. Mukapeza yatsika, jekeyo akutaya mkati. Mwina ndi mpweya chabe: tsitsani katundu, tsegulani valavu, pompani maulendo angapo, mutseke n'kuyesanso. Ikatsikabe, bwererani kushopu. Oyilo wake ndi wa hydraulic wa majeke. Brake fluid musathiremo, amadya timalabala ta mkati ndipo jeke amatha msanga. Mufunsenso ngati shopuyo imagulitsa jeke wapadera wa kireniyo, chifukwa chimango chimakhala zaka zambiri, jeke ndiye mudzasinthe.

Pomangirira, ndikupempheni chinthu chimodzi: lamba wa mpando wa galimoto ndi chingwe cha nayiloni zichoke pa ntchito imeneyi. Lamba wakale wapsa ndi dzuwa, ndipo akakhudza m'mphepete mwa chitsulo amaduka osachenjeza. Gulani tcheni chonyamulira katundu, chimange ndi mabawuti olimba ndi mawashala pa timakutu tonyamulira tomwe opanga injini anaika pa cylinder head, mutu wa injini. Pa manifold kapena pa bulaketi ya alternator ayi. Ngati ndalama yatsalako, gulani load leveller, kachitsulo ka chogwirira chopukusa kamene kamapendeketsa injini ili m'mwamba. Pobwezera injini, pamene mukulimbana kuti shafti ya giyabokosi ilowe mu kilatchi, kamapulumutsa msana ndi zala za anyamata.

Pokweza, chotsani boneti, tsitsani miyendo ya kireni ndi kulowetsa mapini onse. Kwezani pang'ono pokha, zala ziwiri, muime. Zungulirani ndi tochi. Waya wa earth, kapaipi ka mafuta, bawuti imodzi yobisala kuseri kwa giyabokosi, izi ndi zomwe zimatsalira. Mukaona galimoto ikunyamuka limodzi ndi injini, china chake chidakagwira, musapitirize kupompa, chifukwa pamenepo kireni ikunyamula galimoto, osati injini yokha. Injini ikangodutsa kutsogolo kwa galimoto, itsitseni pafupi ndi pansi musanayambe kuyenda nayo. Valavu muzitsegula pang'onopang'ono kwambiri, chifukwa ya majeke otchipa imatha kumasuka kamodzin'kamodzi injini n'kugwa ngati mwaitaya.

Anyamata ophunzira ntchito muwauze mobwerezabwereza kuti dzanja lisalowe pakati pa injini ndi bodi, phazi lisakhale pansi pa katundu, ndipo munthu asagone pansi pa injini yolendewera kuti amasule sampu, mosungira oyilo kunsi kwa injini. Ikhazikeni pa tayala lakale kapena pa stand yake, ndiye muyambe kumasula. Poti galaja yanu ili pakhomo pomwe pali ana, musaweruke injini ili m'mwamba, ndipo chogwirira cha jeke muzichichotsa n'kukasunga m'nyumba.

Musanapite kukaiona, tengani tepi muyeze zinthu ziwiri pa galimoto imene mumakonza kawirikawiri: kuchokera pa bampala kufika pakati pa injini, ndi mpata wa pansi pomwe miyendo ya kireni idzalowe. Magalimoto ena ndi otsika kwambiri moti miyendo imagunda, ndipo mumayenera kukweza kutsogolo pa ma stand kaye. Miyeso imeneyo mupite nayo kushopu, mutambasule mkono mpaka pamene ukufika, muwerenge nambala ya pabowo limenelo. Mutiuzenso muno ngati pamalo panu pali simenti komanso magalimoto amene amabwera kwambiri, kuti amene ali ndi chimango chowotcherera akutumizireni miyeso yake.