Za CT scan ya galu wanu uja

Achimwene, mwati galu wanu wadwala khutu miyezi yambiri, mankhwala odontheza sakugwira, pano akupendeketsa mutu ndiye vet wanena za CT scan, mukufunsa ngati ndi yofunikadi. Kwa ine ndi yofunika ndithu.

Khutu la galu mkati mwake ndi lokhota ngati L, kachipangizo kowunikira kaja kamangofika pa eardrum (kachikopa kopyapyala kotseka njira ya khutu mkatimo) basi, komanso khutu likatupa olo eardrum yo simuiona nkomwe. Kuseri kwake kuli kachibowo ka fupa, amati tympanic bulla, mafinya akadzaza mmenemo mudzadontheza mankhwala mpaka kutopa koma matenda azingobwerera. X-ray wamba nthawi zambiri saonetsa bwino chifukwa mafupa a mutu amaphimbana pachithunzi, pomwe CT imajambula mzidutswazidutswa ndiye zimaoneka ngati muli madzi, fupa lakhuthala kapena kudyeka, kapena muli chotupa. MRI, mtundu wina wa scan, ndiye ya mitsempha ndi ubongo, amaifuna galu akamazungulira malo amodzi, maso kumagwedezeka okha, kapena nkhope kugwa mbali imodzi.

Galuyo amamugoneka kaye ndi mankhwala kuti asagwedezeke, nde mtengo umakwera, izo nzoona. Poti muli ku Pretoria, funsani vet wanuyo akutumizeni ku Onderstepoort, chipatala cha ziweto cha yunivesite ya Pretoria, makina a CT alipo. Muwapemphenso atenge mafinyawo akayeze ku labu kuti mankhwala akhale olondola. Chonde musamachokoche khutulo ndi thonje, ndipo kupendeka mutuko musakuchedwetse, akumva kuwawa ameneyo.