Funsani Agogo: mvuu, ng'ona ndi anzawo a m'chigwa cha Shire

Zidzukulu zanga, mwezi uno makalata ambiri achokera kwathu kuchigwa, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene ndinabadwira n'kuphunzitsako zaka zambiri. Ndawayankha nditakhala pansi pa mtengo wa bwemba, poti dzuwa la Okutobala kuno salola munthu kukhala m'nyumba masana.

Agogo, usiku wina mvuu inalowa m'dimba mwathu n'kudya chimanga chanthete mizere yambiri. Achimwene anga akuti mvuu imadyanso nsomba ndi anthu. Kodi n'zoona? (Mtsikana wa Sitandade 5, Makhanga)

Pepa ndi chimangacho, mdzukulu wanga. Ndikudziwa mmene zimawawira, chifukwa dimba la amayi anga pafupi ndi Chiromo linkaona zomwezo. Koma achimwene akowo ukawauze kuti chakudya cha mvuu ndi udzu. Nsomba zimasambira pamphuno pake penipeni, iyo osazilabadira. Masana imabisala m'madzi chifukwa khungu lake silichedwa kuuma ndi kung'aluka padzuwa. Dzuwa likangolowa imatuluka, n'kuyenda ngakhale makilomita 5 kufunafuna msipu, ndipo usiku umodzi imadya udzu wokwana pafupifupi makilogalamu 40, kungotsala pang'ono kuti likwane thumba la chimanga. Imabudula udzuwo ndi milomo yake yotakata, moti pamene yadya pamakhala ngati pametedwa. Chimanga chanthete, mpunga ndi nzimbe kwa iyo ndi udzu womwewo, koma wonona.

Mano aatali aja si odyera, ndi omenyera nkhondo. Mvuu imapha anthu ndithu, koma osati kuti iwadye. Imalusa munthu akaitsekera njira yobwerera kumadzi, kapena bwato likayandikira mwana wake. Ndili mnyamata, bambo anga anandionetsa njira ya mvuu m'mbali mwa Shire. Inali timizere tiwiri ta mapazi, pakati pake pali kaudzu kosapondedwa, ndipo potsetserekera m'madzi panali see ngati pokhulidwa. Ndowe zinali zitamwazikira patchire, poti yamphongo imazimwaza ndi mchira pouza zinzake kuti malo ano ali ndi mwini. Bambo anandigwira phewa n'kunena kuti, "Ukaona izi m'bandakucha, usaime pakati pa njirayi ndi mtsinje." Yaikulu imapitirira makilogalamu 1,500, komabe pamtunda imathamanga kuposa iwe ndi ine.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti chinyama chokhalira m'madzichi sichisambira kwenikweni. Chimayenda pansi pa mtsinje n'kumadzikankha ndi miyendo, ndipo chimatha kumira mphindi 5 osapuma. Mwana wake amayamwa ali pansi pa madzi, atatseka mphuno ndi makutu.

Agogo, ndinaona ng'ona itagona pamchenga, itayasama nthawi yaitali. Kodi inali ndi njala? (Mnyamata wa Sitandade 6, Bangula)

Ayi, inkadziziziritsa. Thupi la ng'ona silidzitenthetsa lokha ngati lathu. M'mawa imaothera dzuwa, ndipo dzuwalo likanyanya imayasama kuti mutu uzizire. Pa njala ng'ona ndi yopirira kwabasi: ikakhuta bwino ikhoza kutha miyezi osalawa kanthu. Ikadali yaing'ono imadya tizilombo, achule ndi nkhanu. Ikakula ndiwo zake zenizeni ndi nsomba, makamaka milamba, kenako imayamba kubisalira mbuzi, agalu ndi ng'ombe zobwera kudzamwa madzi. Siitha kutafuna. Imagwira, kukokera m'madzi, kudzigubuduza kuti idule nthuli, n'kumeza zamphumphu. Imamezanso miyala, imene imakhala m'mimba mwake.

Koma uione ikakhala mayi. Nyengo ino yotentha imakumba dzenje mumchenga n'kuikira mazira pafupifupi 50, kuwakwirira, n'kuwalondera miyezi itatu, chifukwa ng'azi imawakonda kwambiri mazirawo. Tiana tikayamba kulira m'zigoba, mayi amafukula n'kutinyamula m'kamwa momwe muja muli mano oopsa, kupita nato kumadzi popanda kuvulaza ndi kamodzi komwe. Ndipo kuti kamwana kakhale kakamuna kapena kakakazi, zimatengera kutentha kwa mchenga umene mazira anakwiriridwamo.

Pano ndikufuna undimvetsetse. Ng'ona imaloweza. Ukamatunga madzi malo amodzimodzi, nthawi yomweyomweyo tsiku ndi tsiku, iyo imakhala ikuona, maso ndi mphuno zokha zili pamwamba pa madzi. Chaka china m'kalasi mwanga munatsala desiki lopanda mwini. Mwini wake anapita kukatsuka mbale padooko chakumadzulo, ndipo ine dzina lake ndinalephera kulifufuta m'kaundula mpaka teremu inatha. Choncho tunga madzi ndi ndowa, ukatsukire kumtunda, usagwade m'mphepete, ndipo madzulo kapena m'bandakucha usapiteko. Madzi akasefukira, ngati mmene zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ng'ona zimatsalira m'mathamanda akutali ndi mtsinje. Thamanda lachilendo usalikhulupirire.

Agogo, n'chifukwa chiyani dambo lathuli amalitcha Elephant Marsh pamene mulibe njovu? (Mtsikana wa Sitandade 7, Nchalo)

Zinalimo, mdzukulu wanga. David Livingstone podutsa pa Shire mu 1859 analemba kuti anaona njovu pafupifupi 800 m'damboli, ndipo dzinalo linachokera pamenepo. Alenje ofuna minyanga anazitha. Ku Majete nako zinathera momwemo, moti pofika 1992 munalibe njovu ndi imodzi yomwe. Bungwe la African Parks litayamba kusamalira nkhalangoyi mu 2003, linabweretsa zipembere chaka chomwecho, njovu zochokera ku Liwonde mu 2006, mikango mu 2012 ndi akadyamsonga mu 2018. Njovuzo zinaswana mpaka zina anazisamutsira ku Nkhotakota mu 2017. Ine ndinaona njovu yamoyo koyamba ndili kale ndi imvi, pafupi ndi mathithi a Kapichira, ndipo misozi inalengeza.

Njovu imatha pafupifupi tsiku lonse ikudya: udzu, masamba, mizu, zipatso, mpaka makilogalamu 150, n'kumwera madzi oposa malita 100. Chilimwe chikafika povuta imasenda makungwa a mlambe n'kutafuna mkati mwake momwe muli madzi. Makutu aakulu aja imakupizira kuti magazi azizire. Gulu limatsogozedwa ndi yaikazi yokalamba, imene imakumbukira kumene kuli madzi chaka cha chilala, ndipo bere la njovu limatenga miyezi 22. Chinyama chonsechi chimaopa njuchi ndipo chimadana ndi fungo la tsabola, n'chifukwa chake alimi ena oyandikana ndi nkhalango amagwiritsa ntchito zimenezi poteteza minda.

Agogo, tinapita ku Lengwe ndi sukulu. Ndinaona nyama yakuda ya nyanga ikuyenda ndi zina zofiirira zopanda nyanga. Aphunzitsi anati zonsezo ndi nyala. Zitheka bwanji? (Mnyamata wa Sitandade 4, Ngabu)

Aphunzitsi ako sanalakwe. Yakuda ija, ya ubweya wautali kumimba ndi miyendo yachikasu ngati yavala sokosi, ndi tonde. Zofiirira za mizere yoyera ndi zazikazi ndi ana. Akuluakulu kuno amaitcha boo. Imadya masamba, udzu wanthete, maluwa ndi zipatso, ndipo ndi yochenjera: imalondola anyani n'kumatola zimene iwo akugwetsa mumtengo. Unyadire kuti unaiona ku Lengwe, chifukwa chigwa chathuchi ndi malire a kumpoto a kumene nyala imapezeka mwachilengedwe mu Africa muno.

Agogo, kodi n'zoona kuti fisi amangodya zotsala za mkango? (Mtsikana wa Sitandade 5, Dyeratu)

Nthano zamunamizira fisi. Fisi wamawanga amasaka yekha chakudya chake chambiri, ndipo nthawi zina mkango ndiwo umamulanda. Nsagwada zake zimaphwanya mafupa n'kumeza, n'chifukwa chake ndowe zake zikauma zimayera ngati choko. M'gulu mwawo olamula ndi aakazi, amenenso amaposa amuna kukula.

Agogo, malume anga anapeza ngaka m'munda itadzipinda ngati nkhata. Imadya chiyani, nanga tiisunge? (Mnyamata wa Sitandade 6, Nsanje)

Musaisunge, mdzukulu wanga. Ngaka ilibe dzino ndi limodzi lomwe. Imafukula chulu ndi zikhadabo usiku n'kulowetsa lilime lake lalitali lomata, kunyambita nyerere ndi chiswe, ndipo china chilichonse chimene mungaipatse pakhomo siingadye, ingofa ndi njala. Mamba ake ndi opangidwa ndi zomwe zimapanga zikhadabo zako, alibe mankhwala ena alionse, ngakhale anthu amaipha chifukwa cha mamba omwewo. Kudzipindako ndiye chitetezo chake chonse. Malamulo a dziko lino amaiteteza kwambiri, ndipo wopezeka nayo amapita kundende zaka zingapo. Uwauze malume ako aisiye pomwe anaipezapo kuti kukada ipite yokha, kapena adziwitse amfumu kuti aitane alonda a zinyama a ku Mwabvi adzaitenge.