Mnyamata wafika zaka 15 koma sakutha msinkhu

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna wakwanitsa zaka 15 ndipo ali kalasi 8, koma mutamuona mungati ngwa zaka 11. Mawu akadali achibwana, m'khwapa mulibe kanthu, ndipo mng'ono wake wa zaka 13 wamupitirira kale. Kumtsinje anasiya kukasamba ndi anzake chifukwa amamuseka, mpiranso anasiya. Agogo ake akuti timufunire mankhwala achikuda. Kodi adzakula? Nanga adzabereka? — Mayi wa ku Ulongwe, Angonia

YANKHO: Mayi, mawu, ndevu ndi kutalika zimabwera pambuyo ngakhale kwa mnyamata amene akukula bwinobwino. Choyamba kusintha, mutikhululukire kulaula, ndi machende. Amayamba kukula pakati pa zaka 9 ndi 14, ndipo akafika masentimita awiri ndi theka m'litali ndiye kuti kutha msinkhu kwayambika, ngakhale kunja kusakuoneka kanthu. Kutalika kwa msangamsanga kumadza patapita chaka kapena ziwiri, mawu n'kubwera, ndevu kumapeto. Tsitsi la kumaliseche musalidalire, chifukwa limatha kumera ndi mahomoni (timadzi ta m'thupi toyendetsa kakulidwe) ochokera kwina pamene machende sanayambe ntchito.

Achipatala amati mnyamata wachedwa ngati wafika zaka 14 machende asanayambe kukula. Wanu wadutsa pamenepo, choncho akaonedwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma kudekhako kuyambe mutamuyezetsa. Musamuvule nokha kunyumba kapena kutuma amalume ake kuti amuone, mungomuwonjezera manyazi. Kuchipatala amayeza ndi mkanda wa timipira tosiyana kukula, kuyambira 1 ml mpaka 25 ml, ndipo malire amene amayang'ana ndi 4 ml. Komwe kuli SAAJ, kumene amalandira achinyamata paokha, yambirani kumeneko, ndipo angathe kupempha kuti amuone wachipatala wamwamuna.

Anyamata ambiri ochedwa chonchi sadwala kalikonse, n'zakumtundu. Funsani bambo ake ngati nawonso anali wamfupi m'kalasi n'kudzatalika anzawo ataima, ndipo inunso kumbukirani kuti munakula muli ndi zaka zingati. Mwana wotere amayamba yekha, amafika msinkhu woyandikira wa makolo ake, ndipo amabereka ngati wina aliyense.

Koma kuno kwathu sitifulumira kunena kuti n'zakumtundu tisanayang'ane matenda, chifukwa thupi lopereweredwa limayamba laimika za kukula. Kuchepa kwa chakudya, njoka za m'mimba, malungo obwerezabwereza, chifuwa chachikulu, shuga, chithokomiro, matenda a sickle cell ndi HIV imene mwana anabadwa nayo koma sinadziwike, zonsezi zimachedwetsa. Likodzo nalonso musaliiwale, poti mwati ankasamba kumtsinje. Pali akulu amene amati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula. Si zoona, amenewo ndi matenda, amamaliza magazi pang'onopang'ono, ndipo mapiritsi a praziquantel amachiza. Mufunseni mwachindunji, ana sanena okha.

Owerengeka vuto limakhala m'machende momwemo kapena mu ubongo, umene umatumiza mahomoni owadzutsa. Muwauze achipatala ngati machende sanatsike ali wakhanda, ngati anapwetekapo kwambiri kumeneko, kapena ngati sanunkhiza fungo ngakhale la nsomba zouma, chifukwa kusamva fungo kumayendera limodzi ndi vuto lotchedwa Kallmann. Mutu wopweteka masiku onse, kusanza m'mawa, maso kuona mwachimbuuzi, kapena kumwa madzi ndi kukodza mopitirira, zimenezo n'zothamanga nazo sabata yomweyo.

Popita tengani khadi lake la kusikelo ngati likadalipo. Adzamuyeza kutalika, kulemera, magazi, mkodzo ndi HIV. Akaona kuti m'pofunika adzakutumizani kuchipatala chachikulu, monga cha ku Tete, kukajambula dzanja lamanzere ndi kuyeza mahomoni. Chithunzi cha dzanjacho chimaonetsa zaka za mafupa. Wa zaka 15 amene mafupa ake ali ngati a zaka 12 akadali ndi mpata waukulu wotalika. Magazi a mahomoni amatengedwa m'mawa, nthawi imene testosterone, homoni yachimuna, imakhala yokwera.

Kunyumba, muimikeni pakhoma wopanda nsapato, ikani bukhu pamutu pake, lembani mzere ndi tsiku, ndipo muzibwereza miyezi itatu iliyonse. Mwana amene sanathe msinkhu amawonjeza masentimita pafupifupi 5 pachaka. Akamalephera 4, auzeni adokotala. Zikayambika amatha kufika 9 kapena 10 m'chaka chimodzi. Asapite kusukulu ndi njala, ndipo nsima ndi kachewere zokha sizikwanira. Nyemba, soya, nsinjiro m'ndiwo zamasamba, dzira, kapenta wa ku Cahora Bassa, chimodzi mwa izi chizipezeka m'mbale tsiku lililonse. Agogo muwayankhe mwaulemu kuti mizu siidzutsa mahomoni, ndipo miyezi imene mungataye kumeneko ndi imene likodzo kapena HIV zikanadziwika. Mng'ono wakeyo ndi ena a pakhomo aletseni zowayerekeza awiriwa. Bambo ake, ngati nawo anachedwa, amuuze yekha pawiri. Akayamba kukana sukulu, kudzitsekera kapena kunena zoti bola kufa, musadikire, thamangirani naye kuchipatala.

FUNSO: Ndili ndi zaka 16. Ndayamba kusintha pang'ono koma ndikadali wochepa thupi, komanso bere limodzi latupa ndipo limapweteka. Mnzanga wonyamula zitsulo akuti andigulitse jakisoni wokulitsa thupi. Ndigule? — Mnyamata wa ku Moatize

YANKHO: Usagule, mphwanga. Kunsonga kwa mafupa ako kuli malo ofewa amene amakutalikitsa, ndipo testosterone yambiri imawatseka nthawi isanakwane. Akatsekeka satsegukanso, ukhala wamfupi mpaka kalekale. Majakisoni amenewo amachepetsanso machende, amachepetsa mbewu ya abambo, amakulitsa mabere omwe ukudandaula nawowo, ndipo singano yobwerekana imafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi.

Jakisoni wa testosterone kuchipatala alipo, koma amaperekedwa atakuyeza, kwa amene wadutsa zaka 14 zisanayambike. Mlingo wake ndi wochepa, nthawi zambiri 50 mg kamodzi pamwezi kwa miyezi 3 mpaka 6, kenako amaimitsa n'kuona ngati thupi lapitiriza lokha. Iwe wayamba kale, mwina sufunikanso. Kuyambira pamene zayambika mpaka kukhwima pamatenga zaka zitatu kapena zinayi, ndipo minofu ndi mapewa zimadza chakumapeto.

Kabere kotupako kamachitikira anyamata ambiri pa nthawi imeneyi ndipo kamaphwa kokha, kawirikawiri zaka ziwiri zisanathe. Usakafinye, usakatenthe, usakamange ndi nsalu. Kakamakulirakulira, kakamatuluka madzi, kapena ngati ukutalika koma machende akadali aang'ono ndi olimba, pita ukaonetse.