Bwanji osadikira kuti khanda likuleko kaye?

Agogo ena a ku Johannesburg andilembera imelo. Mdzukulu wawo ali ndi masiku anayi okha, ndipo madokotala apeza mavuto atatu mumtima mwake: mitsempha iwiri ikuluikulu inasinthana malo, pakati pa zipinda ziwiri za m'munsi pali bowo, komanso mtsempha wa aorta, womwe umatenga magazi mumtima kupita nawo m'thupi lonse, ndi wothina pamalo ena. Akufunsa chifukwa chake madokotala akufuna kung'amba kamwanako sabata yomwe ino.

Agogo, pepani ndithu. Koma apa choopsa ndi kudikirako.

Mitsempha ikasinthana chonchi, magazi ochokera m'mapapo amabwereranso m'mapapo, ochokera m'thupi n'kubwereranso m'thupi osatenga mpweya. N'chifukwa chake milomo ya mwanayo ikuda bii. Chodabwitsa, bowo mukuliopalo likumuthandiza panopa, poti magazi akusakanikirako pamenepo.

Palinso kamtsempha kena, ductus arteriosus, komwe mwana aliyense amabadwa nako koma kamadzitseka kokha m'masiku oyambirira. Kwa mdzukulu wanu, kameneka n'komwe kakulambalalitsa magazi pothinapo kuti afike ku impso, m'matumbo ndi m'miyendo. Kakatseka, mwana amafooka m'maola ochepa chabe. Mankhwala a prostaglandin omwe ana oterewa amapatsidwa pa diripi ntchito yake n'kukagwira kuti kasatseke. Amangogula nthawi basi, sachiza.

Opaleshoni yobwezera mitsempha m'malo mwake anayamba kuichita bwino ndi Adib Jatene ku São Paulo, Brazil, mu 1975. Masiku ano madokotala ambiri amakonza zonse zitatu ulendo umodzi: amatsegula pachifuwa, makina n'kumagwira ntchito ya mtima ndi mapapo, iwo n'kudula mitsempha iwiri ija, kuisinthanitsa, kuika chigamba pabowo ndi kukuza pothinapo. Ena amayamba ndi aorta, zotsalazo pambuyo pake, malinga ndi mphamvu za mwana.

Povuta penipeni ndi patimitsempha todyetsa mtima weniweniwo. Mtimawo kukula kwake ngati chibakera cha mwanayo, ndiye ganizirani timitsempha take, milimita imodzi kapena iwiri basi. Amatichotsa mosamala n'kukatisokerera pamtsempha watsopano, ndipo kamodzi kakangopindika mtima umavutika. Ine ndikanakhala inu, ndikanawafunsa adokotala za timeneti, kuti tayenda bwanji mwa mwanayu.

Akatuluka ku fiyeta mwina mudzapeza chifuwa sichinasokedwe, angochiphimba. Musadzidzimuke, mtima umakhala utatupa, amadzatseka pakapita masiku angapo. Mayi ake azikama mkaka, udzafunika.