Kodi Amakhala Bwanji Miyezi Yambiri Mumlengalenga?

Funso: Ndimamva kuti pali anthu amene amatha miyezi 6 ali mumlengalenga osatsika pansi. Kodi madzi amawapeza kuti, ndipo matupi awo safooka? Wowerenga wa ku Chibavi, Mzuzu.

Yankho: Mwafunsa bwino. Anthuwo amakhala mu International Space Station, siteshoni imene imazungulira dziko lapansi pa mphindi pafupifupi 90 ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, mtunda woposa pang'ono wochokera kuno ku Mzuzu kukafika ku Lilongwe. Chiyambire mu Novembala 2000, siteshoniyi sinakhalepo yopanda anthu.

Madzi ena amabwera ndi zombo zonyamula katundu, koma ambiri amachokera ku thukuta ndi mkodzo wa anthuwo, zimene makina amasefa mpaka kukhala zoyenera kumwa. Musanyansidwe, amayera ndithu.

Vuto lalikulu ndi la thupi. Popeza zinthu zimangoyandama, mafupa ndi minofu zimafooka chifukwa chosanyamula thupi, motero aliyense amachita masewera olimbitsa thupi pafupifupi maola awiri patsiku atadzimangirira ndi malamba. Ngakhale zili choncho, Valeri Polyakov wa ku Russia anakhala masiku 437 mu siteshoni ina ya mumlengalenga yotchedwa Mir kuyambira mu 1994 mpaka mu 1995.